Amuna anga asandutsa maliro a alamu anga nthabwala pa wailesi

Aphungu,

Kalatayi ndikulemba ndili m'galimoto panja pa kuntchito, chifukwa kunyumba sindingathe kulemba amuna anga ali pompo. Ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala ku Girrawheen kuno ku Perth, ndipo ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Mayina ndasintha, ngakhale ndikudziwa kuti Amalawi a kuno akangowerenga ndime ziwiri adziwa kale kuti ndine ndani.

Amuna anga, a Lamson, mkati mwa sabata amanyamula makatoni a ndiwo zamasamba ku msika waukulu wa ku Canning Vale. Likafika Loweruka masana amasanduka munthu wina. Wailesi ina yaing'ono ya kuno imapereka ola limodzi kwa ife olankhula Chichewa, ndipo iwo ali ndi kagawo kawo kotchedwa Tiwaseke Pang'ono. Ntchito yawo ndi kuseka Amereka. Munthu woti ku Amerekako sanapondeko ndi chala chomwe, koma TV ya kumeneko amaionera ngati adzalemba mayeso.

Kunena zoona, amatha. Tsiku lina anati, "Abale anga, ku Amereka munthu amagula mfuti zitatu kuopa wakuba amene sanamuone, koma ukamupatsa kansalu ka pamphuno akuti wamulanda ufulu." Tsiku lina anatsanzira owerenga nkhani a kumeneko, anthu asanu kukuwa nthawi imodzi, pansi pa TV atalemba kuti nkhani yongochitika kumene pamene ndi ya dzana. Malire atatsekedwa chifukwa cha mliri, pulogalamuyi ndi imene inkatitsitsimula. Anthu ankaijambula n'kumatumizirana pa WhatsApp mpaka ku Joni ndi kumudzi. Kutchalitchi anayamba kunditcha Mayi Tiwaseke, ine n'kumamva kukoma.

Ku Amerekako, ku Indiana, kuli achemwali anga a Felesta. Makolo athu anamwalira ndili Sitandade 5, ndipo achemwaliwa anasiya sukulu kuti ine ndiphunzire. Ndilibe m'bale wina wa bere limodzi. Mu Januwale amuna awo, a Msaiwale, anamwalira ndi Covid. Kutuluka mu Australia sikunkaloledwa, choncho maliro ndinaonera pa Zoom m'mamawa, nditavala kale yunifolomu ya kuntchito.

Aphungu, maliro ake anali omvetsa chisoni. M'chipinda analolamo anthu khumi okha. Bokosi analiika kuseri kwa zenera lalikulu la galasi, ndipo ena onse ankaona nkhope ali m'galimoto, kuima pang'ono n'kudutsa. Alamu anawaveka tayi wobiriwira. Abusa ali mkati molalikira netiweki inavuta, iwo n'kuuma pa foni pakamwa pali yasa. Pasanathe ola zonse zinatha. Ndinatseka foni n'kupita ku shifiti.

Tsiku lotsatira achemwali ananditumizira uthenga wa mawu akulira. Anati, "Mng'ono wanga, ndabwerera m'nyumba ndekhandekha. Kulibe siwa, kulibe woyimba, kulibe wondigwira dzanja. Pakhomo pa maliro andipatsa timaluwa ndi kabotolo ka sanitaiza, basi." Zinandilemera, ndiye ndinawafotokozera amuna anga mmene maliro anayendera n'kuwamvetsa uthengawo. Anandikumbatira, kenako ananong'ona kuti, "Ndiye kuti kumeneko ngakhale maliro amaonera m'galimoto ngati akugula chipisi?"

Apa ndiye pali chondidya. Ndinaseka, Aphungu. Ndinaseka mpaka kutsamwa, misozi ili mbwembwembwe. Chiyambire maliro aja, aka kanali koyamba kuti chifuwa changa chipepuke.

Patapita milungu itatu, ndikutsuka mbale wailesi ili chiyatsire, ndinamva mawu a amuna anga akuti, "Lero tikambe za maliro a ku Amereka. Ukafika pa zenera, utsitse galasi, ulire msanga chifukwa kumbuyo kuli mzere. Malemu ali phee mu tayi wawo wobiriwira, abusa auma ngati chithunzi, ndipo wamasiye chipepeso chake ndi sanitaiza." Mu situdiyo anzawo anaseka mpaka kumenya tebulo. Pomaliza analonjeza kuti gawo lachiwiri liuluka Loweruka lomaliza la mwezi uno.

Sipanathe masiku awiri, pulogalamuyo inafika ku Indiana. Mayi wina wa kutchalitchi kwa achemwali anawatumizira, akuti asekeko pang'ono, osadziwa kuti maliro akunenedwawo ndi a m'nyumba momwemo. Achemwali anandilembera mizere itatu yokha: "Ndamva pulogalamu ya alamu. Tayi uja ndinasankha ndine. Ndimayesa ndikulira kwa mng'ono wanga, osadziwa kuti ndikupereka nkhani ku wailesi, ndiye usandiimbirenso." Kuchokera tsiku limenelo foni yanga sayankha. Mauthenga amawerenga, koma amangokhala chete.

Nditawafunsa amuna anga, sanaone cholakwa. Anati, "Mayi a Atu, ndatchula dzina la munthu ine? No name. Ndimaseka dziko, osati a Msaiwale. Kodi kwathu pa maliro adzukulu saseka? Satsanzira mayendedwe a malemu, anamfedwa n'kumwetulira misozi ili m'maso? Ine ndine mdzukulu wa onse amene ali kunja kuno." Anandionetsanso mauthenga owathokoza, kuphatikizapo wa bambo wina amene mayi ake anaikidwa iye kulibe. Pomaliza anandibaya ndi mawu akuti, "Komanso woyamba kuseka unali iweyo."

Panopa m'nyumba mwathu timangolankhulana za makiyi a galimoto. Gawo lachiwiri alemba kale, ndinaona pepala lake m'thumba la jekete. Ndikuganiza zopita kwa mayi amene amayang'anira wailesiyo kukawapempha kuti ayimitse pulogalamuyi. Koma amuna angawa kumudzi anali aphunzitsi, kuno amanyamula makatoni, ndipo pa wailesi pokha ndi pamene amadzimva kuti ndi munthu. Ndikawalanda zimenezo mwachinsinsi, banja litsala? Ndaganizanso zowanamiza achemwali kuti uthenga uja a Lamson anaumvera mondibera. Ndikuopa kuti gawo lachiwiri likangouluka, ndiye kuti munthu amene anandilera ndamutaya mpaka kalekale. Ndichite chiyani?

T.M., Girrawheen, Perth

*

Mayi T.M.,

Pepani ndi maliro. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa m'kalata yanu yonse sindinaone pamene munthu aliyense wa ku Perth anakuuzani zimenezi. Munatseka foni n'kupita ku shifiti. Mlamu wanu anamwalira, ndipo inu simunakhale pansi ngakhale tsiku limodzi.

Za kuseka kwanu kuja zisakudyeni. Munthu wolira amaseka, ndipo munaseka m'nyumba mwanu, m'manja mwa amuna anu. Kuseka kumeneko sikunali chilolezo choti nkhaniyo aitengere ku wailesi. Akakuuzaninso kuti woyamba kuseka munali inu, muwayankhe kuti inde, koma munalibe maikolofoni.

Tsopano za udzukulu. Amuna anu anena zoona theka. Adzukulu amasekadi pa maliro, ndipo palibe amawaletsa. Koma afunseni chifukwa chake amaloledwa. Adzukulu ndi amene amalawirira kumanda ndi makasu, kukumba, kunyamula bokosi, kulitsitsa, n'kukwirira. Anamfedwa amawalola kuseka chifukwa awaona akukhetsa thukuta pa maliro omwewo, komanso nthabwalazo zimathera pomwepo, pamaso pa eni ake. A Lamson sanakumbe kanthu. Kodi anawaimbirako foni alamu awo a Felesta kuwapepesa? Kusatchula dzina sikuwapulumutsa. Tayi wobiriwira uja ndi dzina, ndipo mayi amene anamusankha analimva bwinobwino. Aseke mfuti, aseke owerenga nkhani okuwa aja, ine ndiseka nawo. Koma wamasiye wopatsidwa sanitaiza si Amereka. Ndi mayi wa kwathu amene analira yekha m'dziko la eni.

Musapite kwa oyang'anira wailesi mwamseri. Mukatero nkhani isintha, ikhala ya mkazi amene anachotsetsa mwamuna wake pa wailesi, ndipo achemwali anu aiwalika. Akhazikeni pansi a Lamson sabata ino, foni zili kutali. Musakangane nawo ngati nthabwala ija inali yoseketsa kapena ayi, pamenepo akugonjetsani. Auzeni chinthu chimodzi momveka: uthenga uja unali wa achemwali anu, inu munawamvetsa monga mwamuna wanu, ndipo simukulola kuti gawo lachiwiri liuluke. Auzeninso maso ndi maso kuti akakana mupita nawo kwa ankhoswe kapena kwa akulu a mpingo, ndipo zikakanika kumeneko mukafika ku wailesi iwo akudziwa.

Kenako apatseni ntchito ya udzukulu imene akuinenayo. Ngati malamulo a mliri kwanuko akulola anthu kusonkhana, khazikitsani maliro pakhomo panu. A Lamson ndiwo ayende kuuza anthu kuti m'banja mwanu munagwa zovuta. Akabwereke mipando okha, ayale mphasa, alandire anthu pakhomo, atsuke makapu. Amayi a mpingo abwere ndi nyimbo zimene a Msaiwale sanayimbiridwe. Ambiri mwa amene adzakhale pamenepo ndi omwe aja anaseka pulogalamuyo, ndipo n'koyenera kuti adziwe kuti amene ankamusekayo anali ndi dzina ndi mkazi. Inunso mudzalira mokwanira, chifukwa simunalirebe.

Achemwali anu musawanamize. Bodza loti uthenga anaumva mokuberani lidzaululika tsiku lina, ndipo pamenepo mudzakhala mutawapweteka kawiri. Alembereni mwachidule kuti munawamvetsa amuna anu uthengawo chifukwa unakulemerani, kuti munalakwa posawapempha kaye, ndipo kuti simunadziwe zoti ukafika ku wailesi. Musawatchinjirize a Lamson mu uthenga umenewo. Iwo apepese paokha, ndi mawu awoawo, popanda kanthabwala kofewetsera. Auzeni achemwali tsiku ndi nthawi ya mapemphero, kuti foni idzakhala yotsegula ngati angafune kumva nyimbo. Akapanda kulowa, musawakakamize. Pitirizani kuwalembera kamodzi pa sabata ngakhale asayankhe. Munthu amene akuwerengabe mauthenga anu sanakutsekereni chitseko, wangokhala kuseri kwake.

Chenjezo langa ndi ili. Amuna anu ndi munthu wa wailesi, ndiye akagonja adzafuna kupepesa pa wailesi pomwepo, ndi mawu okoma oti anthu awayamikire. Musalole, pokhapokha achemwali anu atavomera okha. Kupanda kutero misozi yawo ikhala pulogalamu kachiwiri. Mapemphero a pakhomo panunso asajambulidwe ndi aliyense.

Ndipo Loweruka lomaliza la mwezi likafika iwo n'kuulutsabe gawo lachiwiri, mutawauza zonsezi, dziwani kuti vuto lanu silinali wailesi. Pamenepo mudzayitane ankhoswe tsiku lomwelo. Koma ndikukhulupirira kuti sizifika apo. Munthu amene anakukumbatirani tsiku lija akadalimo mwa amuna anuwo. Akadzanenanso kuti ndi mdzukulu, musatsutsane nawo. Mungowapempha kuti akuonetseni manja awo, muone ngati ali ndi dothi la kumanda kwa a Msaiwale.

Aphungu