Timagalasi ta Dailesi

Amayi anga okondedwa,

Kodi kukucha bwanji uko munapitako? Ife kuno ku Kabwata tilipo, tikudzuka. Ndachedwa kukulemberani, mundikhululukire, manja anali odzaza. Pathupi paja munandisiya napo Mulungu anandimasula bwino. Ndi mtsikana, wonenepa, wakudya mosanyengerera. Tamutcha Neliya, dzina lanu, moti bambo ake akafuna kumukalipira amayamba ayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kungoti, "Pepani apongozi, lekani kulira."

Ku Katete amalume a Yobe akuti chimanga cha m'munda mwanu chinachita bwino, nkhokwe inadzaza, koma nsawa zinadyedwa ndi chiswe. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yomaliza, alonjeza kuti afolera. Kuno m'tauni ndi mizere yokhayokha: mzere wa unga, mzere wa mafuta ophikira aja timati saladi, mzere wa sopo. Masiku ano ndikaweruka ku ofesi kumene ndimataipa, ndikaona mzere ndimangoima kumbuyo, za chimene akugulitsa ndimafunsa nditaima kale.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya mzime wanu, Dailesi.

Mukukumbukira miyezi ija munali m'chipatala, iye ali pambali panu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kukusambitsani, kukutembenuzani, kukumwetsani phala? Mukamufunsa za sukulu ankati, "Tili pa holide, Amayi." Sikunali holide ayi. Anzake anali m'kalasi. Ine ndemwe ndinazidziwa titakuikani kale. Musamukwiyire. Ankadziwa kuti mukamva mumuthamangitsa ndi mawu, ngakhale mphamvu munalibe, ndipo ine ndi mimba ija sindikanatha kukunyamulani.

Mayeso atabwera anakhoza maphunziro ena onse, n'kulephera limodzi, lozindikira ziwalo za thupi pa maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Ku sukulu ya udokotala ukalephera amakupatsa mwayi umodzi wobwereza. Ukagwanso, umanyamula katundu wako. Tsiku limene anandiuza sanalire. Anangochapa matewera a mwana onse, ngakhale ouma kale.

Ndikufotokozereni phunzirolo monga anandifotokozera ine. Amatenga kachidutswa ka chiwalo cha munthu, kaya khungu, kaya impso, n'kukadula mopyapyala kuposa khoko la anyezi. Amakapaka utoto n'kukamata pa kagalasi kotalika ngati chala. Ndi maso umangoona kadontho ka pinki, ngati mwana wagwetserapo madzi a switi. Pa mayeso amandanda makina pa tebulo lalitali, aliwonse ali ndi kagalasi kopanda dzina. Umasuzumira, n'kulemba kuti ichi n'chiyani, belu likalira umasunthira kutsogolo. Palibe kubwerera m'mbuyo. Buku lokha silingakupulumutse, pamafunika diso lozolowera, ndipo diso la Dailesi linali lisanazolowere chifukwa masiku ophunzirawo linali pa inu.

Mphunzitsi wake, a Dokotala Sakala, mayi wamfupi wa imvi wokhala ku Woodlands, anamuitana kunyumba kwawo. Anati, "Ndamva chimene unkajombera. Ukanandiuza, mwanawe." Ndiye anamubwereka maikulosikopu yawoyawo yakale, imene anaphunzirira ali mtsikana. Siifuna magetsi, ili ndi kalilole pansi kokola kuwala kwa dzuwa. Anamupatsanso bokosi lamatabwa lodzaza timagalasi, n'kunena kuti, "Ukaswa kamodzi usabise." Dailesi anabwera nayo pa minibasi ataikulunga m'chitenje, ataifukata pachifuwa, mpaka kondakitala anakuwira anthu kuti, "Sendelani uko, ba mayi ali na mwana!"

Tinaiika pa khonde lathu la pamwamba, pamene dzuwa la m'mawa limafika bwino. Nthawi imeneyo ndinali ndisanabwerere ku ntchito, choncho anandipatsa udindo. Ndinkaphimba dzina la kagalasi ndi kapepala, n'kusakaniza, n'kumuikira kamodzikamodzi, iye azitchula. Tsiku loyamba nditasuzumira ndinangoona nsidze zanga ndi mdima. Ndinati, "Iwe, palibe kanthu umu." Anaseka, n'kundiyankha ndi mawu anu aja munkanena tikamasankha nyemba mothamanga, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapotoza kachitsulo pang'onopang'ono, ndipo Amayi, ndinaona.

Sindinkadziwa kuti tinapangidwa mwaluso chotere. Fupa, lija timaliyesa mwala, m'kati mwake muli mizere yozungulira ngati pa chitsa cha mtengo wodulidwa kumene. Mafuta ali ngati zisa za njuchi zopanda uchi. Mapapo ali ngati nsalu yoboolaboola ija munkaphimbira nayo mkaka. Mnofu ulipo wa mitundu itatu, ndipo umenewu ndi umene unkamuvuta Dailesi poyamba. Wa pamkono uli ndi timizere todutsa, woongoka ngati mizere ya m'munda. Wa m'matumbo ndi wosalala, wopanda timizere. Wa mtima uli ndi timizere koma umachita nthambi, n'kugwirana ndi unzake uku ndi uku. Iye ankati munthu asathamangire kutchula dzina la chiwalo. Ayambe wadzifunsa kuti kodi ichi n'chokuta, monga khungu ndi m'kati mwa matumbo? N'cholumikiza, monga fupa ndi mafuta? Ndi mnofu, kapena ndi mitsempha ija yonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo? Akayankha pamenepo, dzina limabwera lokha.

Ndinkamuyang'ana ali chiweramire, diso limodzi pa makina, dzanja likujambula zimene akuona, khosi litauma, dzuwa likumuotcha pamsana. Mtambo ukadutsa ankadikira osadandaula. Ndinaona inu nomwe mukusoka zigamba pa mayunifolomu athu, osadzutsa mutu mpaka ulusi utatha.

Tsono mudziwa mmene anthu alili ndi mantha masiku ano, ndi nkhani za akazitape ndi ndege za nkhondo zochokera kummwera. Kalilole kaja kankathwanima pa khonde m'mawa uliwonse, anthu n'kuyamba kunong'onezana. Ena ankati tikulankhula ndi ndege. Ena, atamva ana akunena, ankati tikusunga nyama ya anthu m'bokosi. Loweruka lina, mayeso atatsala pang'ono, ndinangomva kugogoda. Anali a Mulenga, tcheyamani wa chipani m'dera lathu lino, bambo wamtali wosaseka wamba, ndipo pansi pa masitepe panali pataima anthu.

Anandilonjera m'kalankhulidwe ka m'tauni muno, "Shani ba mayi. Tamvela ati muli na mashini yokambila na ndeke. Nifuna niipeleke ku polisi, bakaione."

Ndinadziwa kuti chinthu chikalowa ku polisi sichituluka msanga, ndipo chinali cha eni ake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikangane nawo, koma Dailesi anali atabwera kale ndi mpando. Munkati munthu wobwera ndi ukali uyambe wamupatsa pokhala, chifukwa mkwiyo sukhalitsa mwini wake akakhala pansi. Anagwada monga munatiphunzitsira, n'kunena kuti, "Atate, musanaitenge, muyambe mwaona chimene mukatule kumeneko."

A Mulenga anakhala, koma analoza bokosi. "Nanga umu? Ni zoona ati ni nyama ya bantu?"

Ine mumtima ndinkati, kana, mwana iwe, kana. Iye anati, "Inde, ndi ya anthu. Tina madokotala anachotsa pochita opaleshoni, eni ake akuyenda mumsewu. Tina n'ta anthu amene anamwalira kalekale, ndipo tinaperekedwa kuti ophunzira udokotala adziwe thupi asanagwire munthu wamoyo. Koma inu ndikuonetsani kanu komwe."

Anatsuka supuni, n'kuwapempha kuti akande pang'ono m'kati mwa tsaya lawo ndi chogwirira chake. Anapaka malovuwo pa kagalasi kopanda kanthu, n'kudonthezerapo jivi wosungunula, mankhwala apepo aja timapaka pa zilonda. Anakonza kalilole, n'kuwauza kuti atsinzine diso limodzi. Bambo aja anawerama nthawi yaitali, chipewa chili pa bondo. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, osadzutsa mutu, "Ivi vili monga mazila yokazinga, ndiye ine?"

Dailesi anati, "Ndinu, atate. Amatchedwa maselo. Thupi lanu lonse linamangidwa ndi timeneti."

A Mulenga anaseka mpaka kutsokomola. Anapita pa khonde n'kukuwira anthu aja kuti, "Yendani ku manyumba, ni sukulu chabe iyi!" Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa asanapite ku ntchito yawo, atanyamula wotchi. Atamva za belu la pa mayeso anadzisankha okha kukhala woliza. Ankamenya supuni pa kapu yachitsulo nthawi ikakwana, ndipo sankamvera chisoni. Dailesi akati, "Dikirani pang'ono," iwo ankati, "Belu siidikila munthu."

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo ichi ndi chimene ndimafuna mumve kwenikweni. Panali kagalasi kena kamene nthawi zonse ndikamuikira ankadzuka. Ankati dzuwa lasuntha, kapena mwana akulira, kapena akamwe madzi. Nditaona kuti zachuluka ndinasenda kapepala kuti ndione dzina. Chinali chiwindi, Amayi, chiwalo chomwe chija chinakutengani.

Titatsala awiri ndinamufunsa. Anati, "ASisi, ndikangosuzumira ndimaona maso a Amayi ali chikasu. Sindiona china." Ine ndinamumvera chisoni, ndinati tikachotse m'bokosi, mwina sikabwera n'komwe pa mayeso. Anapukusa mutu. Anati, "Nanga odwala chiwindi akadzabwera kwa ine, ndidzawauza kuti dzuwa lasuntha?"

M'mawa mwake anapempha a Mulenga kuti apume tsiku limenelo. Anatenga kagalasi kamodzi kokhako n'kukhala nako. Ndinkamuona ndili kukhitchini. Ankasuzumira, n'kutembenuka kupukuta misozi ndi mkono kuti isagwere pa makina, n'kubwereranso. Sindinamuyandikire. Dzuwa litakwera anayamba kujambula, ndipo cha kumasana anandiitana, "ASisi, bwerani muone."

Ndinasuzumira. Munali ngati mawilo a njinga ambirimbiri ogundana, lililonse lili ndi kabowo pakati, ndipo maselo atandandana kuchokera pakabowopo ngati masipoko. Zonse zinali m'malo mwake, zaudongo, ngati pabwalo posesedwa bwino. Dailesi anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Ichi n'chiwindi chabwinobwino. Cha Amayi chinali chotere zaka zonse zija ankalima, ankatibereka kumsana, ankayenda wapansi kupita ku chigayo. Matenda anabwera kumapeto chabe."

Amayi, chichokereni kumanda ndinkati ndikakuganizirani ndimakuonani pa bedi lija lachitsulo, mutawonda. Kuyambira masana amenewo ndimakuonani mukutsika basi ndi thumba la mbatata pamutu, mukukalipira kondakitala kuti wakuponderani nkhuku. Mwana ameneyu anakubwezerani inu kwa ine, ndipo sindikudziwa ngati akudziwa.

Tsiku la mayeso anapita atavala diresi lake la buluu, anabwerako ali ndi njala, n'kungofikira pa mbale ya nsima. Nditamuumiriza anati chiwindi sichinabwere n'komwe, chimene chinamutuluka thukuta ndi kapamba. Tinadikira, ine nditabwerera ku ntchito koma osaigwira bwino, mpaka abwana anandibwezera kalata kuti nditaipenso. Kenaka Dailesi anakabweza makina ku Woodlands, bokosi lili lathunthu, popanda kagalasi kosweka. A Dokotala Sakala anamulandira pa geti n'kumuuza kuti wakhoza, ndipo wakhoza bwino, moti chaka chamawa akufuna aziwathandiza kuonetsa ophunzira atsopano. A Mulenga atamva anayenda fulati ndi fulati kuuza anthu kuti, "Tapasa!" ngati analemba ndi iwo. Amayi ena, mmodzi wa anthu aja ankati tikusunga nyama ya anthu, abwera kale kawiri kudzaonetsa Dailesi chotupa cha pakhosi, iye n'kuwaperekeza ku chipatala.

Ndimakumbukira mmene munaimira pamaso pa achibale tsiku lija ankati mtsikana wawerenga zokwanira, akwatiwe. Munati, "Wanga uyu adzasiya sukulu sukuluyo ikadzatha." Inu simunkatha kulemba ngakhale dzina lanu, koma munaona patali kuposa tonse tinali pabwalo paja.

Zaka zidakalipo kuti amalize, ndipo njira ndi yaitali. Koma musade nkhawa. Malinga ndili moyo, pakhomo panga adzapeza chakudya ndi malo owerengera, ndipo za mizere ya unga ndi matewera ndamuletsa. Tsiku limene adzamuitane dzina m'holo yaikulu ija kuti ndi dokotala, ndidzamanga kumutu mpango wanu woyera wa kutchalitchi. Ndamva kuti kumeneko anthu olemera a ku Kabulonga amangoomba m'manja mwaulemu. Andiyang'ane mmene angafunire, ine ndidzaimirira n'kuliza nthungululu kawiri, yanga ndi yanu.

Mupereke moni kwa Atate. Tonse kuno timakukondani.

Ndine mwana wanu,
Esinala