Katalitiki m'beseni la makapu

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Msana uja unasiya, kapena mukuusungabe kuti alamu asamakutumeni? Nanga amayi, miyendo ikuwalola kuyenda? Ine kuno ndili gwa, kungoti zikhadabo zada moti simungalole kudya nane mbale imodzi.

Khalani pansi, nkhani ilipo. Pageti pa galaja yathu pali mtsikana wogulitsa tiyi. Mukudziwa kuti tiyi sindimukonda, koma pano ndikumwa ngati andilembera kuchipatala. Vuto ndi bambo ake, madala oyendetsa takisi. Ankati ine ndine wailesi yopanda pozimitsira, ndipo akandipeza pabenchi ya mwana wawo nkhope inkachita mdima.

Ndiye takisi yawo inadwala. Pachitunda ikukanika, kumbuyo ikununkha mazira owola, pansi chinachake gobede gobede. Kwina anawauza kuti yafa katalitiki, chitini chija chimakhala papaipi ya ekizozi n'kumasefa utsi. Atamva mtengo wa yatsopano, madala anangokhala patayala n'kuvula chipewa. Wowotcherera wathu anati angoisinja m'kati ndi chitsulo zonse zituluke. Iwo anakana, ati kopimitsa galimoto utsi ukawagwetsa.

Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinati andisiyire, ndiikonza osagula yatsopano. Apo n'kuti mwana wawo ali pomwepo ndi ketulo m'manja. Madala anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena kuti ndikalephera, benchi ya tiyi ndiziionera patali mpaka kalekale.

Ndinalowa pansi n'kuigogoda ndi hamala ya labala. Chogobeda sichinali m'kati, kanali kachitsulo kotchinga moto, bawuti itagwa. Kenako ndinamasula sensa ya kutsogolo, kachipangizo koyeza utsi papaipi, kuti utsiwo upeze pothawira, galimoto n'kukwera chitunda ikubangula. Basi ndinadziwa kuti katalitiki sinafe, yangotsekeka. Nditaichotsa n'kuilozetsa kudzuwa, timabowo take tokhala ngati zisa za njuchi tinali mwaye wokhawokha.

Inafunika kuviikidwa m'madzi otentha a sopo. Beseni pagalaja palibe, ndiye ndinakabwereka lotsukiramo makapu. Madala anafika n'kupeza chitsulo chawo chikusamba m'beseni la mwana wawo, madzi ali bii. Achimwene, manda ndinawaona pafupi. Mtsikana uja anaseka mpaka kutaya tiyi wa kasitomala. Beseni ndamugulira lina, musayambe ulaliki.

Itauma ndinaibwezera, galimoto ikuuluka, ine ndikuvina ndi sipanala. Abwana anandikoka khutu n'kundifunsa ngati mwayewo unabwera ndi mphepo. Titafufuza tinapeza pulagi imodzi yakufa, petulo akungodutsa wosapsa. Ndikanaisiya, ikanatsekekanso mwezi usanathe, ine n'kuthera pomwepo. Tinasintha mapulagi, n'zokhazo zimene madala anagula.

Dzulo yadutsa kopimitsa! Madala anabwera akuliza hutala kuyambira pakona, anandigulira tiyi ndi dzanja lawo, n'kunena kuti Lamlungu ndikafike kunyumba mayi ake a mtsikanayo akandione. Anawonjezera kuti ndisambe kaye, komanso pakamwa ndikasiye pageti.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Jekete yanu yakuda ija. Musaname, mimba inakula, mabatani anasiya kalekale kupatsana moni. Muipereke kwa kondakitala wa basi uja amandibweretsera katundu, ifike lisanakwane Loweruka. Sindingapite ndi ovolosi, ndipo shati yanga yabwino ili ndi chidindo cha oilo pamtima penipeni. Amayi musawauze kaye, angayambe kusankha mayina a zidzukulu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndikuwamvera chisoni tsiku lililonse. Moni kwa achemwali ndi amuna awo, kwa amalume, ndi kwa tiana tanu tonse tamakutu ngati anu. Amayi muwagwire dzanja, muwauze kuti ndikudya ndipo ndikunenepa.

Ndine mng'ono wanu, wokongola kuposa inu,
Sipanala