Kiyi ya Tchalitchi cha Yosefe Woyera

Roccamela,
4 Ogasiti.

Okondedwa achimwene a Gerlando,

Ndikhulupirira muli bwino kwanu kozizirako ku Germany. Kuno ku Sicily dziko lapsa, mvula sitinaione kuyambira Malichi, ndipo ndikulemba mtima ukuwira.

Mwambo uja mukuudziwa: mvula ikakana, amuna a gulu la Yosefe Woyera amatulutsa fano lake n'kuliimika padzuwa kuti nalonso limve kuwawa. Adatero Lolemba, mkulu wawo a Gaspare ali patsogolo. Ali, "Mupse nanunso, agogo! Simulowanso mpaka mutatipatsa mvula!" Anthu n'kumawomba m'manja.

Tsiku lomwelo wansembe wathu watsopano, Bambo Onofrio, adandipempha ine wosunga kiyi kuti ndisamatsekenso tchalitchi masana, poti mudzi wonse uno malo ozizira ndi m'makoma amiyala amenewa basi. Akufuna kuti alendo othyola tomato ndi nkhalamba zosauka azipumiramo, ndipo adaika mitsuko ya madzi pakhomo. Mukadawamva a Gaspare! "Iwe Liboria, tchalitchi ichi n'cha gulu lathu, osati cha wansembe. Mpaka thukuta la alendo pamipando ya makolo athu? Amayi ako adaisunga mwaulemu kiyi imeneyo. Ukangotsegula, Lamulungu tikulanda."

Ndidati, "A Gaspare, mukuwamba chosema kuti chimve chisoni, koma anthu amoyo akupsawa simukuwaona? Manyazi mulibe, ndi imvi zonsezo?"

Ndidayankha mokweza, achimwene, koma pali chomwe sindinauze munthu. Mwezi watha bambo wina wa ku Gambia, dzina lake Lamin, adandipeza ndikutseka masana. Adapempha kuti akhale m'kati pang'ono chifukwa ankamva chizungulire. Ine ndidati lamulo ndi lamulo, abwere madzulo. Adakagwera pamsewu wa kuminda, ndipo galimoto yachipatala idafika atatsirizika kale. Ndiye mukandiona ndikulusira a Gaspare, dziwani kuti ukali winawo ndikudzilusira ndekha.

Dzulo ndidaitana kalipentala, wazula loko yense pachitseko. Lamulungu kiyi ndikawapatsa a Gaspare ndi manja awiri, akaone chotseka nayo. Ntchito ya zaka makumi atatu ithere pomwepo, palibe kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti azakhali awo akudya bwino. Ndipo mukapita ku Misa kumeneko, chonde mukanditchulireko dzina la Lamin. Ine ndikagwada, mpaka lero likundikanika kutuluka pakamwa.

Ndine mlongo wanu,
Liboria