Mowa Wothira Tiyi

Lachinayi, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse, mtima wanga osakhazikika.

Kunyumba ya alendo ya pa esiteti ya tiyi komwe ndimaperekera zakudya, abwana abweretsa mowa womwe mnzawo amafulula yekha ku Blantyre, wothira tiyi wathu yemweyu. Akuti, "A Namaona, muzilawa uliwonse, alendo akafunsa musamangoti kaya." Ndikanakana bwanji? Nyumba tikugonamoyi ndi ya esiteti.

Ndalawa. Umayamba ndi kuwawa, kenaka kumabwera kafungo ka ndimu. Ine woyimbitsa kwaya, amene ndinalonjeza kutchalitchi kuti mowa ayi! Pobwerera ndatafuna masamba a gwafa njira yonse, koma amake Eliza angondiyang'ana n'kuti, "Mwayamba liti kudya masamba ngati mbuzi?"

Mawa tilawa wina wothira uchi. Abusa ndikuwaopa, inde, koma chikundiopsa kwambiri n'choti ndikuulakalaka kale.