Masheya a Zipangizo za Ndege ndi Kiyi wa Akalipentala

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA GULU LA OPUMA PANTCHITO LOGULA MASHEYA

Tsiku: Loweruka, 14 Juni
Malo: Chipinda cha kuseri kwa shopu ya Akalipentala
Analipo: Wapampando, Msungichuma, Akalipentala, Anamwino, Mlembi
Opepesa: Adalaivala (mwendo uja wayambanso)

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi, zomwe sizichitikachitika. Anakumbutsa lamulo lathu loti sitigula sheya ngati mmodzi mwa amene alipo wakana.

2. Makampani a zipangizo za ndege

Msungichuma anati makampani opanga zipangizo za ndege zankhondo akupindula kwambiri chaka chino. Anatchula atatu: ina imapanga zitsulo zonyamulira mabomba, ina mawaya a injini, ina imasoka maparachuti. Iwo anakonda yoyambayo, nati phindu lake likhoza kutigulira mankhwala tonse. Atatukula maso n'kuona Akalipentala, anachita manyazi n'kusiyira nkhaniyo pomwepo. Mwana wa Akalipentala, msilikali, anamwalira chaka chatha ndege yawo itawomberedwa.

Akalipentala anati: "Musachite manyazi, achimwene, mankhwala adula, ndikudziwa. Ine phindu la mabomba silingandipite pakhosi, komanso sindikufuna kukutsekerani njira. Ndituluke m'gulu, muvote anayi." Anaika kiyi wa chipinda patebulo, nati tizikumanabe momwemo, iwo azipala matabwa kutsogoloko.

Anamwino anafunsa kuti nanga Akalipentala akatuluka, tiyi wopanda shuga amatiphikira uja tizinyoza wa ndani. Palibe anaseka. Kenaka Anamwino ananena poyera kuti chichitikire maliro aja, Akalipentala amameta ndevu ndi kusita malaya tsiku la msonkhano lokha, ndipo akatuluka tiwataya. Mlembi akuvomereza kuti n'zoona.

Msungichuma anapepesa, nati anaona manambala okha ndipo mtima ukuwapweteka. Anapempha kuti nkhani yonse ichotsedwe. Akalipentala anati tisathamange, nafunsa za kampani yachitatu ija. Anafotokoza kuti m'ndege muja anyamata awiri anatsika ndi maparachuti, napulumuka. Mmodzi amabwera kushopu kuno kudzawagwirira matabwa, ndipo amawatcha bambo. "Wanga sanabwere," anatero, "koma uyu mayi ake anamulandira wamoyo chifukwa wina anasoka bwino. Ngati tikugula za ndege, tigule zobweza ana kwawo."

Msungichuma anachenjeza kuti phindu la kampani imeneyo ndi lochepa ndipo limachedwa. Anamwino anati ifenso timayenda mochedwa, tigwirizana nayo.

Chigamulo: tigule masheya a kampani yosoka maparachuti. Onse asanu anavomera. Wapampando anaimitsa msonkhano pang'ono, akuti utuchi unawalowa m'maso.

3. Zina ndi zina

Wapampando anafunsa ngati Mlembi walemba kuti Akalipentala atuluka m'gulu. Mlembi anayankha kuti walemba zoti anapempha n'kuika kiyi patebulo, basi, ndipo kiyi munthu amaika paliponse. Nkhani ya shuga yakankhidwira msonkhano wotsatira.

4. Kutseka

Tidzakumananso Loweruka, 12 Julayi, malo omwewa. Msonkhano unatha 4 koloko madzulo. Akalipentala anatola kiyi wawo, natiuza kuti tituluke msanga ali ndi ntchito. Anatseka okha chitseko, n'kuika kiyiyo m'thumba la malaya osita aja.

Wapampando: ______________
Mlembi: ______________