Magazi a bambo a Tadala

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Kuno ku Liwaladzi sitili bwino.

Mimba munandisiya nayo ija ndinachira, mwana wamkazi, dzina lake Tadala. Wayamba kukwawa. Mpunga chaka chino unamira, chinangwa ndiye chikutisunga.

Amayi, chifuwa chija cha apongozi anu, bambo a Tadala, si TB ayi. Anamwa mankhwala mpaka kumaliza, osasintha. Ku chipatala chachikulu ku Lilongwe anapeza khansa ya m'mapapo. Kudula nzimbe anasiya. Munthu ankanyamula thumba la mpunga yekha uja, lero Tadala akumulemera.

Tikapita, asanawaike diripi amayamba awatenga magazi. Anesi anandiuza kuti matendawa amataya chizindikiro chake m'magazi, mankhwala akamagwira chimatsika. Ndinakumbuka inu. Paja tikamachapa ku Bua munkati tiziyang'ana madzi, akafiira ndiye kuti kumtunda kwagwa mvula, tichoke msanga. Basi ndinamva.

Poyamba chizindikirocho chinatsika, Amayi. Anadya, anaseka, anakonza ndi chitseko chija. Ulendo wathawu chakwera. Adokotala akuti kamodzi sikokwanira, awatengenso magazi ndi kuwajambula, kenako aone ngati asinthe mankhwala.

Koma kwawo ku Kanyenda akana. Amayi awo akuti munthu woonda chonchi n'kumamupopanso magazi, atsala ndi chiyani? Ndinawaonetsa kabotolo kake kuti n'kochepa ngati chala, komanso ndimawaphikira chidede chowonjezera magazi monga munkachitira inu. Sanandimvere. Dzulo kunabwera amalume awo. Anakhala pa khonde lanu lija, osandiyang'ana, n'kunena kuti, “Uyu kuno anangobwera kudzakwatira. Mwini wake ndine. Akafera m'manja mwanu mudzayankha.” Akuti Loweruka abwera ndi njinga yamoto kudzamutenga.

Mukanakhalapo mukanawayankha. Ine ndinangogwada.

Amalumewo atachoka ndinawafunsa bambo a Tadala eni akewo. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, “Amake Tadala, ndikufuna ndikamve ndekha zimene magazi anga akunena. Kaya n'zoipa.”

Ndiye mawa m'mamawa tikakwera minibasi ya ku Lilongwe pamsewu. Zovala ndamanga kale. Sindinauze munthu, ndinu oyamba. Ndikuopa, Amayi. Chizindikiro chija chikakwerabe, ku Kanyenda adzati ndinawamaliza ndine, ndipo mwina ngakhale pamaliro sadzandilola kukhala pafupi. Koma akapita Loweruka, palibe adzayang'anenso magaziwo, tidzangoona munthu akutha.

Zikakanika n'kubwera kumeneko, muwalandire. Paja munkati ndi mkamwini waulemu. Mudzawazindikira ndi mawu, nkhope yasintha.

Zimene magazi akanene, zabwino kaya zoipa, ndidzabwera nditabereka Tadala kudzakuuzani pamanda panu.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu,
Esinati