Mawu a Valimba ya Ababa

Loweruka, 8 Juni

Ulendo wa ku myuziyamu ndi kagulu kathu ka mbiri yakale. Ababa ndachita kuwakakamiza. Chimwalirireni Amayi chaka chatha, ntchito n'kukhala pakhonde basi, maso kumsewu. Ndevu osameta.

Anthu onse akuyenda, kuona makasu akale ndi zithunzi. Ababa aima malo amodzi, pa valimba ya m'galasi, choimbira chamatabwa cha Asena. Osasuntha. A Venansio, wapampando wathu, awafunsa ngati amaidziwa. "Yanga ili kunyumba. Ndinabwera nayo pa sitima kuchokera ku Nsanje." Pomwepo awapempha adzaimbe pa msonkhano wa pa 22, kuholo ya tchalitchi. Avomera! Ine kukamwa yasaa. Munthu amene anakana kuimba ngakhale pa maliro a Amayi, pomwe kwathu valimba ndiye imaperekeza maliro.

Lachiwiri, 11 Juni

Chiperoni. Makasitomala a zosoka ziii. Ababa apita kukatenga mankhwala, ine ndatsitsa valimba kudenga la khitchini. Fumbi lake, abale! Zikho zolendewera kunsi kwake chilichonse chili ndi kabowo, ndipo pakabowo paliponse kanthu koyera ka akangaude. Anthu adzaone zimenezi? Ayi ndithu. Ndapala tonse ndi mpeni, ndapukuta ndi kansalu konyowa. Ikuwala. Ndadzitama ndekha.

Lachitatu, 12 Juni

Kalanga ine.

Ababa agunda: phu, phu, ngati thabwa wamba. Asuzumira kunsi. Sanakalipe, bola akanakalipa. "Berna, mawu ake wachotsa."

Kani toyera tija si litsiro. Ndi kachikopa kamene kangaude amamata pakhoma kuti abisemo mazira. Woimba amakamatula, n'kukamata pabowo ndi phula. Ndiko kamanjenjemera kuti valimba ilire. Ine wobadwira m'tauni ndikanadziwira kuti? Palibe anandiuzapo. Nanga ine ndinafunsa? Ababa abwerera pakhonde.

Loweruka, 15 Juni

Kusaka akangaude Chilomoni yonse ngati wamisala. Nyumba za masiku ano pulasitala, penti, mankhwala opopera udzudzu. A Sophie oyandikana nafe aseka mpaka kugwira m'chiuno. "Anzanu akusaka mabanja, inu akangaude!" Sindinaseke. M'magalaja a ku Chirimba ndapezako tiwiri, tong'ambika kale. Wina akuti pepala la jumbo limathekanso. Ababa: "Ine sindiimba jumbo."

Lachiwiri, 18 Juni

Alengeza kale kutchalitchi zoti Ababa adzaimba. Zamanyazi ndilibe nazo ntchito, ayi. Chikundiwawa n'chakuti masiku aja anali atayamba kudya, ndevu anameta, ankang'ung'udza nyimbo za Chisena posamba. Tsopano ziii. Ndikuopa. Akapanda kuimba ulendo uno, pakhondepo tidzachita kuwanyamula.

Lachinayi, 20 Juni

Ganizo landipeza ndikusesa. Chipinda cha Amayi. Chitsekereni tsiku la maliro, kiyi ali pachingwe m'khosi mwa Ababa, iwo amagona pabalaza. Tsache silinalowemo. Ngati m'Chilomoni muno muli akangaude, ali mmenemo.

Ndawauza. Andiyang'ana ngati ndawatukwana. "Usayambe." Ndakwiya nawo, ndadzikwiyiranso ndekha. Diresi la mwini ndasoka mkono mokhota, ndasula kawiri.

Lachisanu, 21 Juni

M'mawa, ndikukoleza mbaula, ndangomva loko khethe. Ababa atsegula okha.

Fungo la Amayi likadalimo. Korona pamsomali, chitenje chawo chakutchalitchi pabedi. Kuseri kwa chithunzi cha ukwati, kuseri kwa kabati, toyera mbee, tambirimbiri. Ababa akumatula ndi nsonga ya mpeni, pang'onopang'ono, ine ndagwira mbale. "Mayi ako ankandisungira timeneti. Akamasesa ankatilambalala." Zaka zonsezi ine ndimati Amayi maso afooka, sakuona khoma. Talira tonse, osayang'anana.

Tsiku lonse kumata ndi phula. Andilola kumata chikho chimodzi, chaching'ono.

Loweruka, 22 Juni

Holo yodzaza. A Venansio akamba za anthu akuchigwa amene anabwera kudzafuna ntchito m'Blantyre muno. Kenako Ababa. Mbiri sanakambe. Angoti, "Nyimbo iyi ndi ya maliro. Pa maliro a akazi anga sindinaimbe." Agunda. Zikho zonse kulira. Amayi ena a ku Bangwe aimirira n'kumavomereza m'Chisena. Ine mawu ambiri osawamva, misozi yokha. Ofuna kufunsa mafunso anatsitsa manja.

Tafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Ababa adya, awonjezera. Kiyi avula, ali patebulo. Bulangete lawo alowa nalo kuchipinda kuja.

Mawa ndikasesamo. Khoma sindikhudza.